Poizoni wa Agatha Christie, milungu ya Agiriki ndi mbalame ya Sikusinja

Mabuku amene ndimawerenga ndi amitundu iwiri basi, ndipo ndinasiya kalekale kuchita nawo manyazi. Ena ndi aja oti munthu wapezeka atafa m'chipinda chokhoma, pomwe aliyense wa m'nyumbamo anali ndi chifukwa chomufunira imfa. Enawo ndi aja otenga nthano zamakedzana za milungu ndi ngwazi n'kuzifotokoza mwatsopano. Mabuku ophunzitsa kulemera msanga ndimasiyira anzanga. Amayi akabwera kudzationa amaima pa shelefu n'kumayang'ana zikuto, apa mpeni, apo chigaza, pamwamba mkazi wa tsitsi la njoka, kenako amapukusa mutu.

"Mwanawe, m'nyumba muno mulibe buku loti anthu ake amafa ndi ukalamba?"

"Amayi, Baibulo lanu lomwelo pofika mutu wachinayi mtembo uli kale kumunda, ndipo wina akufunsa Kaini kuti m'bale wako ali kuti."

Yankho limeneli sililandiridwa bwino, koma mpaka lero sanalitsutse.

Ine ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala, ndiye musadabwe kuti Agatha Christie, mlembi wa ku England wa nkhani zofufuza milandu yakupha, ndimamuona ngati mnzanga wa pantchito. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse iye ankagwira ntchito kuchipatala cha kwawo ku Torquay, poyamba posamalira asilikali ovulala, kenako m'chipinda chosakanizira mankhwala. Kumeneko ndi kumene anadziwira kuti chochiza ndi chakupha zimasiyana pa mlingo pokha. Buku lake loyamba, The Mysterious Affair at Styles, limene linatuluka mu 1920 ndipo ndi momwe wofufuza milandu wake, Hercule Poirot, anayambira kuoneka, lonse lagona pa botolo limodzi la mankhwala. Mayi wachikulire wolemera amamwa mankhwala amadzi opatsa mphamvu okhala ndi poizoni wa strychnine pang'ono, monga ankachitira masiku amenewo. Wina anathiramo ufa wa bromide, wothandiza kugona. Ziwirizi zikakumana, strychnine amadikha pansi pa botolo. Tsiku ndi tsiku mayiyo akupatsidwa zapamwamba, botolo osaligwedeza, palibe chimene chikuchitika. Atafika pa mlingo womaliza anamwa poizoni yense nthawi imodzi. Wakuphayo sankafunika n'komwe kukhala pakhomo usiku umenewo.

Dzina lake sindikuuzani. Chimene ndinganene n'choti kuyambira pomwe ndinawerenga bukuli, ndikamauza kasitomala kuti "amayi, muzigwedeza kaye botololi musanammwetse mwana," mawuwo amatuluka ndi mphamvu yoposa imene akufunika.

Christie analemba mabuku 66 a mtundu umenewu, ndipo si onse amene ali bwino. Ena, makamaka a muukalamba wake, amangozungulira pamodzimodzi ngati munthu waiwala chimene analowera m'chipinda. Koma akakhala pabwino, amachita chinthu chimene ndimachilemekeza kwambiri: amakuonetsa chilichonse. Sakubisira kanthu. Wotchi imene yaima, mpando umene wasunthidwa pang'ono, wantchito amene wanena mawu amodzi owonjezera, zonse zili pa tsamba, ndipo iwe unaziwerenga ndi maso ako. Kungoti pa nthawi imeneyo mlembi anakuchititsa kuyang'ana kwina. Ukafika kumapeto umabwerera m'mbuyo kuti umugwire bodza, n'kupeza kuti sananame pena paliponse. The Murder of Roger Ackroyd la mu 1926 ndi limene linandichita zimenezi moti ndinakhala pa mkeka kwa kanthawi ndili kakasi, nsima ikuzizira. Amene simunaliwerenge musafufuze za bukuli pa intaneti, chonde. Ingoliwerengani.

Mabuku ambiri otere ndimagula kwa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu, pakati pa mabuku a masamu a Fomu 3 ndi magazini a mafashoni a zaka khumi zapitazo. Mtengo mumachita kunenerera ngati pa kaunjika. Langizo langa ndi limodzi: musanatulutse ndalama, tembenuzani bukulo muone ngati masamba omaliza alipo. Ndinagulapo lina lonenepa bwino, chikuto chake chili gwa, ndipo wofufuza atangosonkhanitsa anthu onse m'chipinda chochezera kuti atchule wakupha, tsamba lotsatira linali chikuto chakumbuyo. Mwina wina anapichirira fodya, kaya anakulungira mtedza. Nditabwerera kwa mnyamatayo anandiuza mosatekeseka kuti, "Asisi, nkhani yambiri mwawerenga kale, chatsalacho n'chochepa." Sankadziwa kuti chochepacho ndi chimene ndinalipira.

Olemba a nthawi ya Christie ankaona nkhani zimenezi ngati masewero okhala ndi malamulo. Mu 1929 wansembe wina wa Katolika wa ku England, Ronald Knox, amenenso ankalemba nkhani zofufuza milandu, anandandalika malamulo khumi. Wakupha azikhala munthu amene watchulidwa kumayambiriro kwa nkhani. Pasakhale poizoni wosadziwika kwa asayansi. Wofufuza asakhale yemweyo wakupha. Mapasa asangotulukira mwadzidzidzi kumapeto. Ndipo lamulo limene limandikhudza kwambiri ndi lachiwiri, loti mizimu, matsenga ndi mphamvu zosaoneka zisakhale yankho la mlandu.

Arthur Conan Doyle anali atachita kale zimenezi mu 1902 m'buku la The Hound of the Baskervilles. Banja lina la ku Dartmoor lili ndi nthano yoti kholo lawo loipa mtima linaphedwa ndi chigalu cha ku gehena, ndipo chigalucho chimasakabe zidzukulu zake. Mkulu wa banjalo akupezeka atafa usiku, chapafupi pali mapazi a galu wamkulu zedi. Mudzi wonse wagwirizana kale kuti ndi tsoka la makolo. Wofufuza milandu Sherlock Holmes yekha ndi amene akufunsa mafunso otopetsa: nsapato imodzi ya wolowa chuma cha malemuyo yasowa bwanji kuhotela, ndipo n'chifukwa chiyani wakubayo anabweza yatsopano n'kutenga yakale? Galu wa mizimu safuna fungo la nsapato kuti adziwe wofuna kumugwira. Wofuna fungo ndi galu wodya nyama, wokhala ndi mwini wake, ndipo mwiniwakeyo ali ndi chimene akufuna pa chuma cha banjalo. Bukuli lapitirira zaka 120, ndiye musandiimbe mlandu woulula.

Ndikamawerenga pamenepa sindiganiza za ku England ayi. Ndimaganiza za maliro ena amene tonse tinapitapo, pomwe mtembo usanatuluke m'nyumba anthu ayamba kale kunong'onezana dzina la gogo wina wa kumapeto kwa mudzi. Lamulo la 1911 loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti komanso kumwetsa mwabvi lilipobe m'mabuku a boma, koma nkhalamba zikumenyedwabe ndi kuotcheredwa nyumba. Palibe amene amafunsa kuti malemu anadya chiyani, anamwa mankhwala anji, anadwala masiku angati asanapite kuchipatala, munda wawo utsala m'manja mwa ndani. Sindikunena kuti buku la Holmes lingasinthe mudzi. Ndikungoti munthu amene wazolowera kufunsa za nsapato yosowa sathamangira kutola mwala.

Tsono apa ndi pomwe anzanga amandigwira pakamwa. Amati, iwe wokonda umboni, ukutani ndi mabuku oti mulungu wa dzuwa ali ndi ana, mkazi akusandutsa amuna nkhumba, munthu akutsikira kumanda n'kubwerako? Funsoli n'lomveka, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkangoyankha kuti pakamwa pamafuna zamchere ndi zotsekemera zomwe.

Kukoma kwa mabuku a nthano n'kwina ndithu. M'buku la Christie chimene chimakukoka n'kusadziwa. M'buku la nthano mapeto ukuwadziwa usanatsegule n'komwe. Aliyense wodziwa nthano ya Agiriki ya nkhondo ya ku Troy akudziwa kuti Patroclus afa, mnzake wapamtima Achilles apenga ndi chisoni, apha Hector amene anapha mnzakeyo, kenako nayenso afa. Madeline Miller polemba The Song of Achilles mu 2011 sanasinthe chimodzi mwa zimenezi. Anangopereka pakamwa kwa Patroclus kuti afotokoze yekha kuyambira ali mwana. Ndiye umawerenga anyamata awiri akusewera m'phiri, akuphunzira kuimba zeze ndi kuchiza mabala, iwe ukudziwa kumene msewuwo ukupita, iwo sakudziwa. Tsamba lililonse lachisangalalo limapweteka. Zimafanana ndi kuonera vidiyo ya ukwati wa anthu amene unakhala nawo pa maliro awo.

Circe, limene Miller anatulutsa mu 2018, ndimalikonda kuposa loyambalo. Mu Odyssey, ndakatulo yakalekale ya Chigiriki ya Homer yonena za ulendo wa ngwazi Odysseus, mayi wotchedwa Circe ameneyu amapezeka pang'ono chabe: ali pa chilumba chake, amalandira amalinyero a Odysseus, amawapatsa chakumwa, n'kuwasandutsa nkhumba. Homer safotokoza chifukwa. Ndi mfiti basi, yatha. Miller anakhala pansi n'kufunsa kuti mkazi wokhala yekha pa chilumba, pomwe zombo zodzaza amuna anjala zimakocheza, angafike bwanji poganiza kuti khola la nkhumba ndiwo malo owayenera. Yankho limene amapereka si lokoma kuliwerenga, koma ukalimva suonanso nkhumbazo ngati poyamba. Chinanso chimene chinandigwira mtima, mwina chifukwa cha ntchito yanga, n'choti ufiti wa Circe m'bukuli si mphatso yongogwa kumwamba. Ndi ntchito ya manja: kukumba mizu, kuyanika, kusinja, kuyesa, kulephera, kuyambiranso. Agogo anga aakazi, amene ankadziwa mtengo uliwonse wa m'dambo la kwathu ndi ntchito yake, akanamumvetsa mayi ameneyu popanda womasulira.

Margaret Atwood nayenso anatola kachigawo kamene ena amangokadumpha. Odysseus atabwerera kwawo n'kupha amuna onse ovutitsa mkazi wake, mwana wake Telemachus anapachika pa chingwe chimodzi atsikana antchito 12 chifukwa choti anagona ndi amunawo. Homer amathera mizere yochepa pa iwo, n'kupitiriza nkhani ya ngwazi yake. Mu The Penelopiad ya 2005, atsikanawo amabwerera ngati gulu loimba, ndipo sakusiya kufunsa kuti anaphedweranji, pomwe kapolo analibe mphamvu yokana mlendo wa mbuye wake. Mukaliyang'anitsitsa, bukuli ndi mlandu wakupha umene unatsekedwa zaka pafupifupi 3,000 zapitazo, wina n'kukautsegulanso.

Sikuti onse otere ndi abwino. Chiyambireni kutchuka kwa Circe, mabuku ofanana nalo achuluka ngati bowa wa mvula yoyamba, ndipo ambiri amangotenga mtsikana wa masiku ano, maganizo ake ndi kalankhulidwe kake, n'kumuveka nsalu ya Chigiriki. Milungu yake ilibe choopsa, imangokhala ngati mabwana amwano. Ine ndimafuna mulungu wa m'nthano azindiopsa, azichita zinthu zoti sindingazimvetse, chifukwa anthu amene anapeka nthanozo ankamuopadi. Buku likalephera pamenepo ndimalisiya pakati, ndipo sindimva chisoni.

Mitundu iwiriyi inakumana m'mutu mwanga nditawerenga sewero la Sophocles la mfumu Oedipus, limene linalembedwa zaka zoposa 2,400 zapitazo. Mumzinda wa Thebes mwagwa mliri. Uthenga wochokera kukachisi wa ku Delphi ukuti mliriwo sutha pokhapokha amene anapha mfumu yakale, Laius, atapezeka n'kuchotsedwa. Mlanduwo ndi wakalekale, anthu anauiwala, koma mlandu suola. Oedipus akulumbira pamaso pa anthu kuti wakuphayo amupeza, ndipo akumutemberera. Kenako akuchita ndendende zimene Poirot amachita: akuitana mboni imodziimodzi. Mlosi wakhungu Tiresias akumuuza zoona pamaso, iye akupsa mtima n'kumunena kuti wagulidwa. Mkazi wake Jocasta, pofuna kumukhazika mtima pansi, akutchula kuti Laius anaphedwera pamphambano ya misewu itatu, ndipo kachinthu kakang'ono kameneka ndi kamene kakumuzizira m'nkhongono, chifukwa akukumbukira nkhalamba ina imene anakangana nayo pamalo otero. Akubwera mthenga wa ku Corinth, kenako mbusa wokalamba amene sakufuna kulankhula. Aliyense akumupempha kuti asiye kufunsa. Iye sakusiya.

Malamulo a Knox aphwanyidwa awiri nthawi imodzi: milungu ili mkati, ndipo wofufuza ndi yemweyo wakupha. Koma taonani mmene choonadi chikutulukira. Mlosi ananena kale kumayambiriro, ndipo palibe anamukhulupirira. Chimene chikugwetsa Oedipus ndi umboni wa anthu wamba, zipsera za kumapazi kwake, ndi mbusa amene anapatsidwa khanda la Laius kuti akalitaye koma anachita chisoni, ndipo khandalo linali Oedipus yemweyo. Anthu a ku Athens amene ankaonera seweroli ankadziwa nthanoyi kuyambira ali ana. Sanabwere kudzamva kuti wakupha ndani. Anabwera kudzaona munthu wanzeru akukumba dzenje ndi manja ake mpaka kugweramo. Ola Rotimi wa ku Nigeria anaisamutsira nkhaniyi kwa Ayoruba mu The Gods Are Not to Blame, sewero limene linaonetsedwa koyamba mu 1968, ndipo mfumu yake Odewale imakhala pampando ngati nkhaniyo inabadwira komweko.

Christie mwiniwake anayesapo kusakaniza ziwirizi mu The Labours of Hercules ya 1947, pomwe Poirot, pokhala dzina lake ndi Hercule, akusankha milandu 12 yofanana ndi ntchito 12 za Hercules, ngwazi ya m'nthano za Agiriki. Zambiri ndi nthabwala chabe: mkango woopsa wa ku Nemea wasanduka kagalu ka mayi wolemera kamene kabedwa. Koma nkhani ya Hydra, chinjoka chija choti ukadula mutu umodzi pamamera iwiri, anaigwira bwino. Chinjokacho ndi miseche ya m'mudzi yonena kuti dokotala wina anathira mkazi wake poizoni. Palibe amene akumuneneza poyera, ndiye palibe woti amuyankhe. Odwala akungochepa, anthu akungosiya kulankhula iye akalowa. Amene anakhalapo m'gulu la WhatsApp la mpingo kapena la kumudzi sakufunika kumufotokozera chinjoka chimenechi.

Nditaganiza bwino ndinapeza kuti nkhani yoyamba yakupha imene ndinaikonda sinali ya mzungu. Inali Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe, imene ambiri a ife tinakumana nayo kusukulu. Abale awiri apita kutali kukafuna chuma, wina wapeza, wina manja ali lende, ndipo pobwerera Gwenembe akupha m'bale wake panjira pomwe palibe womuona. Kulibe wapolisi, kulibe dokotala woyeza mtembo. Mboni ndi mbalame, imene ikumutsatira ikuimba zimene wachita mpaka anthu amva. Knox akanaikana mbalame imeneyi. Ine sindingaikane, chifukwa ikugwira ntchito yomweyo imene imagwira nsapato yosowa ija: chinthu chaching'ono chimene wakupha sanachiwerengere. Tili ana tinkamumvera chisoni Sikusinja, wophedwayo. Panopa ndikaikumbukira ndimaganiza kwambiri za Gwenembe, akuyenda mtunda wonsewo ndi katundu wa m'bale wake pamutu, nyimbo ili pambuyo, akukonza bodza loti akanene kwa makolo.

Buku limene ndikulifuna, ndipo sindinalipeze pa mulu uliwonse wa m'mbali mwa msewu, ndi la Mbona. Zonse zofunika zilipo kale. Kuli chilala. Akuluakulu avina mvula yakana, mnyamata wavina yagwa. Nsanje yabuka, mnyamata wathawira kummwera, adani amulondola, amupha, amudula mutu, ndipo mutuwo ndi umene unakaikidwa ku Khulubvi ku Nsanje, komwe kachisi wake alipo mpaka lero. Steve Chimombo analembapo sewero la The Rainmaker, limene linasindikizidwa mu 1978. Wansembe wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anakhala zaka zambiri kuchigwa cha Shire, anasonkhanitsa mmene Amang'anja osiyanasiyana amaifotokozera nkhaniyi m'buku lake la River of Blood la 1992, ndipo chokoma kwa munthu ngati ine n'choti mbonizo sizigwirizana. Ena amaloza Mlauli, malume ake a Mbona amene anachititsidwa manyazi pa nkhani ya mvula. Ena amaloza mfumu Lundu, imene sinkafuna munthu wina wokhala ndi mphamvu pa anthu ake. Wofotokoza aliyense ali ndi mbali imene akuikometsa, malinga ndi banja limene akuchokera ndi udindo umene akuuteteza. Poirot akanapempha chiyani china?

Ndikanakonda wolembayo asankhe munthu wamba woti azifunsa mafunso, mwina mayi wachikulire wa kubanja la Mbona amene palibe akumuwerengera, aziyenda mudzi ndi mudzi ngati wopempha mbewu, uku akutchera khutu. Azifunsa kuti ndani anauza adaniwo njira imene mnyamata anadzera, ndani anamupatsa malo ogona usiku womaliza, ndani anayamba kulandira nsembe za anthu iye atafa. Wakuphayo apezeke ndi umboni woti ine wowerenga ndingathe kubwerera m'mbuyo n'kuuloza ndi chala pa tsamba. Pamenepo lamulo la Knox ligwire ntchito mosanyengerera, mzimu usabwere kumaloto kudzatchula dzina. Koma za mvula asandifotokozere. Ngati inagwa Mbona atavina, ingogwa, ndipo mayi wofufuzayo anyowe nayo limodzi ndi ena onse.